Chaka Chimene Zaina Anabwezedwa ku Sukulu

Che Usumani anali telala. Anthu a ku Chikweo amene anakula m'nthawi ya chipani chimodzi amawakumbukira atakhala pakhonde la nyumba yawo, mzuli woyera uli kumutu, tepi ili lende m'khosi, mapazi akupalasa makina osokera. Anali bambo wamfupi, wolankhula motsitsa mawu, ndipo akamaseka ankayamba kugwedezeka mapewa, phwete n'kutuluka pambuyo.

Kwawo kwenikweni kunali ku Balaka. Ali mnyamata, bambo awo anawapereka kwa telala wina wachikulire, a Yotamu, amene ankasoka pakhonde la sitolo ya mwenye kufupi ndi siteshoni ya sitima. A Yotamu sanali munthu wofotokoza zinthu. Mawu awo anali akuti, "Gwira apa," "Sita ichi," "Kaike makala m'simbi." Mnyamatayo anagwira, anasita, anasokerera mabatani mpaka zala kuchita zipsera, maso ali pa manja a mkuluyo. Tsiku lina a Yotamu anangodzuka pampando n'kunena kuti, "Khala apa, ine msana wandipweteka." Kuyambira pamenepo Usumani anakhala telala.

Kusukulu ya boma sanapondeko. Anaphunzira ku madrasa, choncho mayina a anthu odzasoketsa ankawalemba ndi choko pansalu m'zilembo za Chiarabu. Manambala anawadziwira pa tepi.

Mkazi wawo anali Kulusumu, mwana wa a Swaibu a ku Chikweo, ndipo aliyense ankawatchula kuti Abiti Swaibu. Anadziwana pamene mayiyu, akadali mtsikana, anabwera ku Balaka kudzacheza kwa achemwali ake. Zinali zaka zimene boma linalamula kuti amayi azivala zobisa mawondo, ndiye atsikana ankabwera ndi madiresi awo kuti atelala awalumikize m'munsi. Kulusumu anabwera ndi diresi limodzi, kenaka anabweranso nalo akuti mpendero wapindika, ndipo atabwera kachitatu popanda chovuta chilichonse, a Yotamu anauza Usumani kuti akauze akwawo za ukwati.

Anakhala bwino ku Balaka mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pamene amwenye anauzidwa kuti asamukire m'mizinda ikuluikulu. Sitolo ija inatsekedwa, ndipo amene anadzaitenga sanafune atelala pakhonde. Che Usumani anakhala masabata angapo akungoyang'ana makina awo ali pakona. Abiti Swaibu ndiwo anadula nkhani.

"Kwathu munda ulipo," anatero. "Ndipo anthu a ku Chikweo sayenda maliseche."

Anakwera sitima mpaka pa Liwonde, n'kupeza lole yopita cha ku Ntaja, ndipo ulendo wotsalawo mutu wa makina unayenda uli pa kaliyala ya njinga, Che Usumani akukankha. Anafika ndi ana awiri: Zaina, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndi khanda lalimuna, Abdulaziz, lili kumsana kwa mayi ake.

Chimene Che Usumani ankafunitsitsa chinali chakuti Zaina aphunzire sukulu. Akuluakulu ena a kumzikiti ankakayikirabe sukulu, poopa kuti ana akasiya Chisilamu, koma iwo anali ataona ku Balaka atsikana ovala zoyera akugwira ntchito kuchipatala, ndipo mtima wawo unali pamenepo. Sukulu zisanatsegulidwe anamusokera yunifomu, napinda mpendero waukulu m'munsi kuti akamakula azidzangofutukula.

Tsiku lolembetsa anamuperekeza okha. Ana anaima pamzere pansi pa mtengo wa mango, ndipo mphunzitsi wamkulu, a Hilary, ankayesa mmodzimmodzi monga ankachitira masiku amenewo: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Zaina anali wochepa thupi. Anakweza dzanja, natambasula zala, napendeketsa mutu, koma khutu linakana.

"Dzina lako ndani?" anafunsa a Hilary mwachifundo.

Zaina anayang'ana pansi. Kunyumba ankalankhula Chiyao. Chichewa ankamva ndithu, koma kuyankha munthu wachilendo wovala tayi kunamukanika.

"Pepani bambo," anatero a Hilary. "Akule pang'ono. Mubwere naye chaka chamawa."

Pobwerera Zaina sanalire. Anayenda kutsogolo, ndipo atafika kunyumba anavula yunifomu ija, naipinda bwinobwino, n'kukaiika pa makina a bambo ake. Che Usumani ataona zimenezo anamva kuwawa kuposa akanalira.

M'mawa mwake anaganiza zotsegula sukulu yawoyawo. Anayala mkeka pabwalo, namukhazika mwanayo miyendo ili yopinda monga iwo ankakhalira ku madrasa, natenga kamtengo n'kulemba manambala pamchenga.

"Nena wani."

"Wani."

"Nena thuu. Usayang'ane nkhuku, yang'ana kuno!"

Zinayenda choncho masiku angapo. Dzuwa likangokwera, Zaina ankayamba kuyasamula, kukanda miyendo, kupempha madzi akumwa, mapeto ake misozi. Ntchito ya anthu inaunjikana pamakina. Tsiku lina Abiti Swaibu, pochokera kumunda ndi dengu la nandolo, anapeza bambo atakwinya nkhope, mwana akusisima. Anatula dengu nakhala pansi.

"Zaina, bwera udzandithandize kusenda. Zouma uziika m'lichero, zaziwisi m'mbale."

Mwanayo anathamanga ngati wamasulidwa pachingwe. Posakhalitsa anali akuyimba, zala zikusankha nandolo mosaphonya. Mayiyo anatembenukira kwa amuna awo.

"Kodi inu, a Yotamu aja anakukhazikanipo pamkeka?"

Che Usumani anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mapewa anayamba kugwedezeka. Anaponya kamtengo kaja kutali. "Iyayi," anatero. "Ankangoti gwira apa."

"Ndiye muuzeni agwire."

Ntchito yoyamba ya Zaina inali chitini cha mabatani. Chinali chitini chakale cha mabisiketi chimene Che Usumani anabwera nacho kuchokera ku Balaka, chodzaza mabatani a mitundu yonse osakanikirana. Anamuuza kuti awakhuthulire m'lichero, ndipo akafuna batani azimutuma.

"Ndipatse oyera, ang'onoang'ono, ofanana. A malaya a shehe."

"Angati, ababa?"

"Yang'ana malayawo. Paliponse pali bowo pakufunika batani."

Zaina ankaika batani limodzi pa bowo lililonse, kenaka n'kuwawerenga m'Chiyao monga ankamvera kwa mayi ake, mpaka pa mcheche ndi msano. Bambo ake ankabwereza m'Chichewa ali mkati mopalasa makina, osamuyang'ana n'komwe, ndipo iye ankatsatira. Palibe anamuuza kuti awagawe mabataniwo, koma patapita masiku anali atatola zigoba za malambe, china cha ofiira, china cha akuda, china cha amene ankawatcha a maso awiri, china cha a maso anayi. Batani lina lalikulu lachitsulo, la pa jekete ya msilikali, linalibe mnzake, ndiye analipatsa chigoba chakechake, akuti ndi mfumu.

Pakabwera munthu wodzasoketsa, Zaina ankagwira nsonga ya tepi. Bambo ake akapanikiza ndi chala n'kunena kuti "sate-fo", iye ankasuzumira kuti aone maonekedwe a nambalayo. Tsiku lina anatchula yekha bambo ake asanalankhule, ndipo mayi amene ankayezedwa m'chiuno anakuwa kuti, "Aa, mwana iwe, usalengeze mudzi wonse!" Onse anaseka, ndipo Zaina anaphunziranso kuti pali manambala ena onena monong'ona.

Zovala zikatha, Che Usumani ankamutuma kukapereka kunyumba zapafupi. Mabanja ena a m'deralo anali Achikhristu olankhula Chichewa, choncho asananyamuke ankamuyesa.

"Ukafika ukati chiyani?"

"Odi kuno."

"Akakuyankha?"

"Ndigwade. Ndinene kuti ababa andituma, akuti kabudula uja watha, koma zipi anasowa ndiye aika mabatani."

Akabwerako ankamufunsa zimene anaona panjira. Poyamba ankangoti, "Palibe." Kenaka nkhani zinayamba kutuluka: galu wa a Wadson wabereka, pachitsime amayi awiri amakangana, mwana wa uje wagwa m'mtengo wa bwemba. Abiti Swaibu ankamudula dala. "Wagwa asanathyole kapena atathyola? Anayamba kufika ndani?" Ndiye mwanayo ankabwerera m'mbuyo n'kuiyala nkhaniyo mwadongosolo.

Masiku ena ankapita ndi mayi ake kumunda. Podzala chimanga, mayi ankakumba mapando, iye akuponya mbewu zitatuzitatu. Nthawi ya thonje banja lonse linkakhala pamkeka kusankha loyera ndi lodetsedwa lisanapite kumsika, ndipo Abiti Swaibu ankaponya ndagi kuti anthu asaodzere. Madzulo ntchito yake inali kuona ngati nkhuku zalowa zonse m'khola, ndipo ikasowa imodzi ankayenera kunena kuti yasowa iti.

Mafunso ake ndiwo ankawatopetsa Che Usumani, komanso ankawakomera. Tsiku lina anagona chafufumimba pansi pa makina nafunsa kuti, "Ababa, ulusi wa pansiwu umakwera bwanji pamwamba?" Iwo anali atasoka zaka zambirimbiri, koma funso limenelo anali asanadzifunsepo. Anatsegula kachitseko ka pansi pa singano, nazunguza gudumu pang'onopang'ono ndi dzanja, mitu yawo iwiri itagundana, mpaka anaona kachitsulo kakukola ulusi wa pamwamba n'kuuzunguliza pa unzake. "Taona!" anafuula Che Usumani, ngati mwana ndi iwowo.

Vuto linabwera nyengo yokolola itatha. Mayi Clementina, wapampando wa amayi a chipani m'deralo, anabweretsa nsalu yachipani, ija yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, kuti awasokere bulauzi yokavina nayo kumsonkhano ku boma. Anali mayi wamtali, wa mawu aakulu, ndipo anthu akawaona ankayamba kufufuza m'thumba ngati khadi lachipani lilimo. Telala aliyense ankadziwa kuti nsalu imeneyo imadulidwa mosamala: sizasi isadutse pankhope. Anthu ankanong'onezana za ena amene anatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

Linali Lachisanu. Che Usumani anapinda nsaluyo, naiika pamwamba pa dengu la zigamba, n'kupita kumzikiti. Pobwerako anapeza Zaina atakhala kuseli kwa nkhokwe, akuveka chidole chake cha chitsononkho kabulauzi katsopano. Mtundu wa nsaluyo anauzindikira ali patali.

"Abiti Swaibu! Tabwerani kuno!"

Mayiyo anathamanga manja ali ndi ufa. Anatambasula nsalu ija pamkeka, nayamba kuiyendera ndi zala. Pakona panali patadulidwa chibenthu chonga chikhatho cha munthu wamkulu. Nkhope zonse zinali zamphumphu.

"Alhamdulillah," anapuma Abiti Swaibu. "Wadula m'mphepete."

Che Usumani anali atathyola kale kamkwapulo. Zaina anaima, chidole chili m'manja. "Nsaluyo inali pa dengu la zigamba, ababa," anatero ndi mawu ang'ono.

Zinali zoona. Amene anaiika pamenepo ndi iwo. Anatenga chidolecho kuti achitaye, koma maso awo anagwera pa kabulauziko. Manja ake awiri anali ofanana ndendende, khosi lili pakati penipeni. Mwanayo anali atapinda nsalu pawiri asanadule, monga ankachitira iwo, chinthu chimene sanamuuzepo ngakhale tsiku limodzi. Kenaka anagwetsa mkwapulo uja.

"Tipita kwa mayi Clementina. Ukanena wekha zimene wachita."

Abiti Swaibu anati mwina angosoka mochenjera, mwiniwake sadzazindikira. Che Usumani anapukusa mutu. "Mwanayu akuona," anatero.

Anawapeza mayi Clementina akupeta mpunga. Zaina anagwada, ndipo m'Chichewa chomveka bwino anati, "Amayi, ndadula nsalu yanu. Ndimayesa chigamba. Ndasokera mwana wanga. Pepani." Natambasula manja kuonetsa chidole chija.

Mayi Clementina anaika lichero pansi. Anatenga nsalu yawo, naitambasula, nayang'ana nkhope imodziimodzi. Kenaka anatenga chidolecho, nachitembenuza uku ndi uku.

"Wasoka wekha?"

"Eya."

Mayiwo anayesa kulimbitsa nkhope, koma zinakanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ndiye mwana wakoyu walowa chipani asanagule khadi!" Atatha kuseka anatsitsa mawu. "Che Usumani, kabulauzi aka ndisunga ine, kasaonekenso panja. Anthu ena nkhani amaikuza. Yangayo muifupikitse manja, kukutentha kale."

Kuyambira tsiku limenelo panakhala lamulo. Zaina anapatsidwa dengu lakelake la zigamba ndi sizasi yakale, ndipo china chilichonse ankayenera kufunsa asanakhudze. Nawonso Che Usumani anakhoma shelefu pamwamba yoikapo nsalu za eni ake.

Sukulu zitatsegulidwanso, anafutukula mpendero wa yunifomu ija pang'ono. Ulendo uno chala cha Zaina chinakhudza nsonga ya khutu, ndipo a Hilary asanafunse n'komwe, iye anati, "Dzina langa ndine Zaina Usumani, ndimakhala kwa atelala." Anamulemba.

Tsopano zinthu zinayamba kuyenda chobwerera, kuchokera kusukulu kudza kunyumba. Zaina ankatola tizidutswa ta choko cha bambo ake n'kumalemba zilembo pansi pakhonde. Che Usumani ankasuzumira ali pamakina.

"Chimenecho chokhala ngati mbedza n'chiyani?"

"Ndi J, ababa. Ya a Janet, odzasoketsa aja."

Atafika sitandade 2 anayamba kulemba mayina pa mitolo ya zovala, pafupi ndi zilembo za Chiarabu za bambo ake. Ankatsutsana kuti wolemba chobwerera ndani, popeza wina ankayambira kumanja, wina kumanzere. Mwa njira imeneyo Che Usumani anadziwa kuwerenga mayina a anthu awo onse, ndipo kenaka zikwangwani za m'misewu. Nyuzipepala sanafike poiwerenga, ndipo sizinawadetse nkhawa. Zaina anapitiriza sukulu, ndipo patapita zaka anadzapeza ntchito kusikelo ya ana pa Liwonde.

Abdulaziz atafika msinkhu wa kuyenda ndi kulankhula, Che Usumani anaganiza kuti njira aidziwa kale. Anamukhazika pakhonde namupatsa lichero la mabatani. Sipanapite nthawi, mnyamatayo anali atalowetsa batani m'mphuno, ndipo bambo ake anapalasa njinga thukuta lili kamukamu kupita naye kuchipatala, kumene analichotsa ndi kachitsulo. Anayesa kumugwiritsa tepi, iye anaimangirira mbuzi. Anayesa kumutuma ndi malaya a munthu, malayawo anakapezeka pachulu, mnyamatayo akuthamangitsa mkombero wa njinga ndi anzake.

"Uyu ndiye sadzaphunzira kanthu," anadandaula Che Usumani.

"Uyu si Zaina," anayankha Abiti Swaibu. "Mwaona kumene maso ake amakhala?"

Che Usumani anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti akangotsamiritsa njinga pakhoma, mnyamatayo ankanjuta pambali pake, n'kumazunguza chopondera ndi dzanja, maso ali pa tcheni. Tsiku lina m'mawa, akukonzekera ulendo wokagula ulusi ku Ntaja, anapeza tayala lakumbuyo laphwa. Kale akanangokonza okha mwachangu. M'malo mwake anatembenuza njinga miyendo m'mwamba naitana.

"Abdulaziz! Katunge madzi m'beseni."

Mnyamatayo anabwera nalo akudzandira, theka la madzi litatayikira pamalaya. Bambo ake anatulutsa chubu, nachipopa, n'kumupatsa.

"Mpweya ukuthawira penapake. Ine maso anga sakuona. Uviike m'madzimo pang'onopang'ono, uziyendetsa."

Abdulaziz, amene sankatha kukhala pansi ngakhale nthawi yomwera phala, anagwada pa beseni ali zii, lilime lili panja, akuyendetsa chubu m'madzi. Abiti Swaibu anasiya kusesa naima ndi tsache m'manja. Mwadzidzidzi timathovu tinayamba kukwera motsatizana.

"Ababa! Chikupuma! Chikupumira apa!"

"Ika chala pamenepo, usachotse. Tsopano tichite chiyani?"

Mnyamatayo anaganiza, chala chili chikhomere pa bowo. "Tisoke?"

Mapewa a Che Usumani anayamba kugwedezeka. "Iyayi, mwana wanga, ichi sitisoka. Pita ukatenge kachitini ka guluu pawindo, ndikuonetse."

Ku Ntaja anapita dzuwa litakwera kale, Abdulaziz ali pa kaliyala, akufunsa dzina la chitsulo chilichonse cha panjingapo mpaka kukafika.